Ulendo wa Alendo Olemera ku Mizinda ndi Minda ya Mphesa ya ku Italy

Ambiri a inu munamva akulu akusimba za Ataliyana amene anamanga cipupa ca Kariba m'zaka za 1956 kufikira 1959. Iwowo anadza kuno kudzakhetsa thukuta. Koma kwao kumapita anthu a mtundu wina, ocokera ku America, ku Britain ndi kwina, amene safuna nchito iai. Afuna kuona, kudya ndi kulawa vinyo. Lero tilongosole m'mene ulendo wotere uyendera, ndi cimene munthu agula ndi ndalama zambiri zimene alipira.

Coyamba agula mpata. Mu mzinda wa Roma muli bwalo lalikulu la Colosseum, limene linatsegulidwa m'caka ca 80, ndipo munkalowa anthu ngati 50,000. Khamu limaima pa mzere padzuwa, koma wolemera malo ace anasungidwa kale, ndipo alowa m'kagulu kocepa pamodzi ndi mtsogoleri wace. Nchito yotsogolera alendo si ya munthu ali yense; lamulo la dzikolo lifuna kuti munthu apambane mayeso ndi kulandira cilolezo. Mtsogoleri wodziwa amatsikira nao pansi pa bwalolo, m'njira za mdima momwe ankasunga zirombo ndi kuzikweza ndi zingwe m'zikepe za matabwa. Inu amene mutsika m'mgodi m'mawa muli monse mungamve malo amenewa msanga kupambana mlendoyo.

Pocoka ku Roma akwera sitima yothamanga makilomita 250 pa ola, ndipo pa ola limodzi ndi theka afika ku Florence. Kumeneko aona cifanizo ca Davide cimene Michelangelo anasema kuyambira 1501 kufikira 1504, cotalika kupitirira mamita 5. Mwala wace woyera unadulidwa m'mapiri a Carrara, kumene amuna adulabe miyala kufikira lero. Alendo amatama wosema. Ine ndiganizanso za amene anatsitsa mwala wotero paphiri popanda makina. Aonanso denga lozungulira la chalichi cacikulu, limene Brunelleschi anatsiriza m'caka ca 1436. Wofuna kufika pamwamba pace akwere makwerero 463 ndi miyendo yace, pakuti pamenepo ndalama sizinyamula munthu.

Mtima wa ulendowu uli m'mapiri a Chianti, pakati pa Florence ndi Siena. M'caka ca 1716 mfumu Cosimo III ya banja la Medici inalemba malire a dera limene vinyo wace ayenera kuchedwa ndi dzina limeneli. Lero botolo la Chianti Classico liri ndi cizindikiro ca tambala wakuda, ndipo pa magawo 100 a mphesa zace, magawo 80 kapena kuposapo akhale a mtundu wa Sangiovese. Mphesa azichera mu September ndi October. Akazipsinya, madziwo awira okha monga mowa, shuga nasanduka ukali. Makoko awasiya momwemo kuti apatse vinyo maonekedwe ofiira. Pambuyo pace amthira m'migolo ya mtengo ndi kumsunga m'zipinda zozizira za pansi.

Kumwera kwa Siena, ku Montalcino, lamulo liri lolimba koposa. Vinyo wochedwa Brunello akhale m'migolo ya mtengo zaka 2, ndipo saloledwa kugulitsidwa kufikira January wa caka cacisanu cicokere kukolola. Taganizani mlimi wolima cimanga lero nadikira zaka zisanu asanaone khobiri lace. Ici ndico cifukwa cimodzi ca mtengo wace waukulu. Mlendo akafika, mwini munda kapena wanchito wace amtsanulira pang'ono pang'ono m'matambula. Iye anunkhiza, alawa, ndipo kawiri kawiri alavula m'kambiya kuti mutu ukhale bwino polawa wina. Kwa ife ozolowera cipanda coyenda m'manja ici ncodabwitsa, koma ndiwo mwambo wace.

Tsono mverani za nyumba zimene alendowa agonamo, pakuti nkhani yace ifanana ndi yathu. Kwa zaka mazana ambiri alimi a ku Tuscany ankalima minda ya eni cuma, napereka theka la zokolola kwa mwini nthaka. Dongosololi ankalicha mezzadria. M'zaka za 1950 ndi 1960 acinyamata anatopa nalo, nathamangira ku mafakitale a m'mizinda, monga anyamata a kwathu anasiyira midzi kudza ku migodi. M'caka ca 1964 boma linaletsa mapangano atsopano a mtundu umenewu. Nyumba zamiyala zinatsala mabwinja, kufikira anthu a ndalama, ena a iwo Angelezi, anayamba kuzigula ndi kuzikonza. Lamulo la 1985 linakhazika dongosolo lakuti alimi alandire alendo pa minda yao. Kotero cipinda cokongola capansi cimene mlendo agonamo lero, kapena kale linali khola la ng'ombe, banja la mlimi likugona pamwamba pace.

Maulendo ambiri atsirizira ku Venice, mzinda womangidwa pa tizilumba, pamwamba pa mitengo yokhomeredwa m'matope, kumene ngalawa ndizo galimoto. Kuno alendo acuruka kufikira kupsinja eni mudzi. M'caka ca 1951 pakati pa mzindawu pankakhala anthu ngati 175,000; pofika 2022 anacepa kusafika 50,000, pakuti nyumba zambiri zinasanduka zogonamo alendo ndipo lendi inakwera. M'caka ca 2021 boma linaletsa zombo zazikulu kupyola pafupi ndi bwalo la San Marco. M'caka ca 2024 mzinda unalamula kuti gulu la mtsogoleri mmodzi lisapitirire anthu 25, nuyambanso kulipiritsa ma euro 5, pa masiku ena, kwa odza m'mawa ndi kucoka madzulo. Mlendo wathu wolemera salipira ndalama imeneyi, popeza agona mu mzindamo. Msonkho wace ndi wina, wa usiku uli wonse, umene mwini hotela amlembera pa kalata ya malipiro tsiku lonyamuka.