Kudya Mosamala Pambuyo pa Opaleshoni Yocepetsa Cifu

Bungwe la World Health Organization linapeza kuti m'caka ca 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali wonenepa mopitirira muyezo. Ena mwa anthu otere, makamaka odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi, amacitidwa opaleshoni yocepetsa cifu. Zimene zimawacitikira pambuyo pake zimaonetsa bwino mmene cakudya cimagayikira m'thupi, nkhani imene aphunzitsi amafotokozera ana m'phunziro la sayansi.

Njira zofala za opaleshoniyi zilipo ziwiri. Mu njira yoyamba dokotala amacotsa gawo lalikulu la cifu, pafupifupi magawo 8 mwa magawo 10, n'kusiya kathumba kooneka ngati nthoci. Mu njira yaciwiri, imene Edward Mason anayambitsa ku Iowa, ku United States, m'zaka za m'ma 1960, dokotala amasoka kathumba kakang'ono ngati dzira n'kukalumikiza ndi matumbo aang'ono. Motero cakudya cimalambalala gawo lalikulu la cifu.

Popeza cifu cacepa, munthu amayamba ndi zakumwa zokha pamasabata oyambirira. Kenako amadya zophwanya ngati phala losalala, ndipo zolimba zimabwera pakatha masabata 6 mpaka 8, malinga ndi malangizo a dokotala.

Apa m'pamene kudya modekha kumakhala kofunika. Uthenga wakuti mimba yakhuta umatenga mphindi pafupifupi 20 kuti ufike ku ubongo. Munthu wodya mothamanga amadzaza kathumba kaja uthengawo usanafike, ndipo zotsatira zake ndi kupweteka pacifuwa ndi kusanza. N'cifukwa cake amalangizidwa kukhala pansi, kusiya foni, kutapa pang'onopang'ono, kutafuna mpaka cakudya cifewe, ndi kuleka akangomva kukhuta ngakhale m'mbale mutatsala.

Dongosolo la m'mbale nalonso limasintha. Ambiri anazolowera kuti nsima ndiyo cakudya, ndiwo n'zongoperekeza. Kwa munthu uyu zomanga thupi monga nsomba, mazira, nkhuku ndi nyemba zimayamba, masamba amatsatira, ndipo nsima imabwera pomaliza ngati malo alipo. Tsiku lililonse amafunika magalamu osacepera 60 a zomanga thupi kuti minofu isathe. Madzi ayenera kukwana lita imodzi ndi theka, koma amamwedwa pang'onopang'ono, osati pamodzi ndi cakudya. Ndi bwino kudikira mphindi 30 atadya.

Zotsekemera zili ndi vuto lake. Shuga akathamangira m'matumbo, amakoka madzi ocokera m'magazi. Pasanathe mphindi 30 munthu amamva nseru ndi cizungulire, amatuluka thukuta, mtima umagunda mofulumira, mwinanso amatsegula m'mimba.

Cifu cocepa sicithandizanso thupi kutenga bwino vitamini B12 ndi ayironi. Conco munthu amamwa mavitamini moyo wake wonse ndipo amayezetsa magazi pafupipafupi. Akanyalanyaza, magazi amacepa ndipo minyewa imatha kuonongeka. Mankhwala monga ibuprofen amapewedwa cifukwa amayambitsa zilonda m'cifu. Amayi amalangizidwa kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pathupi.

Opaleshoni imacepetsa cifu koma sicotsa nkhawa, kusungulumwa kapena kutopa, zimene zimacititsa ena kudya alibe njala. Munthu akamangotolatola tizakudya tsiku lonse, thupi limabwerera pang'onopang'ono. Kudzifunsa ngati ilidi njala asanadye, kugona mokwanira ndi kuyenda tsiku lililonse zimathandiza.

Acibale ndi anzake a kunchito alinso ndi mbali yawo. Pamwambo, mlendo wosiya nsima amaoneka ngati wanyoza wophika. Munthu wocitidwa opaleshoniyi akadya mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, wakhutadi, ndipo kumukakamiza kuti aonjezere kungamudwalitse.