Mlambe, Dambe ndi Malambe

Munthu wopita ku Lifuwu, m'mbali mwa nyanja ku Salima, sangaphonye mtengo wa thunthu lalikulu umene umakhala wopanda masamba chilimwe chonse. Mtengowu ndi mlambe, ndipo akachuluka timati milambe, pakuti dzinali lili m'gulu la Mu-Mi. Chipatso chake ndi dambe, zambiri ndi malambe, monga timanenera duwa ndi maluwa. Tsono wolemba kuti "anadula malambe" wadula zipatso, mtengo ukadali chilili. Ena amalemba m'lambe. Nkhodolero pamenepa ndi yolakwika, chifukwa m wa mlambe ndi yemwe wa mtengo, osati wosonyeza malo monga mu m'nyumba.

Akatswiri a zomera amautcha Adansonia digitata, pokumbukira Michel Adanson wa ku France amene anaupenda ku Senegal atafikako mu 1749. Umakonda malo otsika ndi otentha. Kuno kwathu umapezeka kwambiri m'mbali mwa nyanja, pa Likoma ndi m'chigwa cha Shire. Abale ake asanu ndi mmodzi ali ku Madagascar, wina ku Australia. Maluwa ake ndi oyera, amatseguka usiku, ndipo mileme ndiyo imanyamula mungu.

Makolo ankasungunula ufa wa malambe m'madzi kapena m'phala kupatsa wotsegula m'mimba, ndipo lero tikudziwa kuti ufawu uli ndi vitamini C wambiri. Masamba anthete ndi ndiwo. Khungwa limapereka luzi, komanso ankaliwiritsa kumwetsa munthu wotentha thupi.

Apa mpamene mlembi ayenera kusamala koposa. Liwu lakuti malungo lili ndi matanthauzo awiri: kutentha thupi kulikonse, ndiponso nthenda yobwera ndi udzudzu. Mkulu akanena kuti khungwa la mlambe ndi la malungo, kawirikawiri akunena tanthauzo loyambalo. Koma chiganizo chomwecho chikasindikizidwa m'buku la sukulu, nkuwerengedwa ku Lifuwu, kumene madzi a m'minda ya mpunga amaswetsa udzudzu, kholo likhoza kuwiritsa khungwa m'malo mothamangira ndi mwana kuchipatala kukayezetsa magazi. Choncho pofotokoza mankhwala a makolo tilembe kuti "kutentha thupi", ndipo liwu lakuti malungo tilisungire nthenda ya udzudzu.