Magazi Ali ndi Muyeso Wake

Makolo okondedwa a ku Kanengo, ku Mgona ndi ku Area 25, dzinja likafika udzudzu uswana m'zithaphwi, ndipo malungo agwira ana athu ndi kuwathera magazi m'thupi. Pamenepo makolo ena akana kuti mwana wao awonjezeredwe magazi, ena nakwiya poona kuti dokotala sanamuwonjezere. Onsewa alakwa pa chifukwa chimodzi: sadziwa kuti ntchito imeneyi iri ndi nthawi yake ndi muyeso wake.

Choyamba, nthawi. Dokotala atenga kadontho ka magazi ku chala, nayesa mphamvu yake yofiira, imene itchedwa hemogulobini. Mwana wamng'ono wa moyo wabwino akhala ndi 11 kapena kuposa. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lilangiza kuti ikatsika kusafika pa 4, mwanayo alandire magazi msanga. Ikakhala pakati pa 4 ndi 6, dokotala ayang'ana mwana yemweyo: ngati apuma movutika, kapena wakomoka, amuwonjezera, ngati ali tcheru ndipo ayamwa, akhoza kumugoneka m'chipatala, kuchiza nthenda imene yamuthera magazi, ndi kumuyesanso kawirikawiri. Kudikira kotere si mphwayi ai. M'chaka cha 2019 madokotala a ku Uganda ndi a ku Queen Elizabeth ku Blantyre analengeza zimene anapeza pa ana otere: amene anadikiridwa ndi kuyang'aniridwa bwino sanafe kuposa amene analandira pomwepo, ngakhale pafupi theka la iwo anafunabe magazi pambuyo pake.

Chachiwiri, muyeso. Inu amene mugwira ntchito ku okushoni ya fodya mudziwa kuti palibe belo lolandira mtengo lisanakwere pa sikelo. Chomwecho mwana ayamba wakwera pa sikelo, pakuti muyeso wozolowereka ndi mamililita 20 pa kilogalamu iri yonse ya thupi lake. Mwana wa makilogalamu 10 alandira mamililita 200, osadzaza ndi botolo la Fanta lomwe. Magaziwo alowa pang'onopang'ono, maola atatu kapena anai, chifukwa akathamanga mtima wotopa ulemedwa ndipo madzi adzaza m'mapapo. Madokotala aja anapezanso kuti ana osatentha thupi anapulumuka ambiri polandira mamililita 30, koma otentha thupi anachita bwino ndi 20. Taonani tsono kuti zochuluka sizikhala zabwino masiku onse. Musakhudze kampopi ka diripi kuti muthamangitse madontho.

Nanga udindo wanu ndi wotani? Yang'anani zikhatho za mwana, lilime lake ndi m'kati mwa zikope. Mukaona kuti payera, musayambe mwatema mphini kapena kudikira malipiro a pa mwezi. Pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo akakutumizani ku Kamuzu Central musazengereze. Ana ambiri amene atisiya ndi nthendayi afa pa maola oyamba, atafika mochedwa. Mukabwera naye kunyumba, mumgoneke m'neti ndi kumpatsa mankhwala onse, pakuti miyezi yotsatira nthendayi ikhoza kubwerera.

Potsiriza, kumbukirani kuti magazi sapangidwa m'fakitale iri yonse ya ku Kanengo. Achokera m'mkono wa munthu. Kuyambira 2003 bungwe la Malawi Blood Transfusion Service liwasonkhanitsa kwa anthu opereka mwaufulu, ndi kuwayesa ngati muli HIV, chindoko kapena nthenda za chiwindi. Munthu wamkulu apereka mamililita 450, ndipo thupi lake liwabwezera lokha. Musamvere mphekesera za anamapopa, zimene zinaphetsa anthu osalakwa kum'mwera m'chaka cha 2017. Inu abambo ndi anyamata amphamvu, pitani mukapereke, kuti tsiku limene dokotala adzati nthawi yakwana, magazi adzapezeke. Mulungu asunge ana anu.