Wakuba ng'ombe akatuluka m'ndende, adzakhala pa benchi iti?

Ng'ombe ikasowa m'khola kuno ku Katete, Sinda kapena Vubwi, imapita ndi zambiri: yokoka pulawo m'dzinja, yokoka ngolo pa nthawi yokolola, ndiponso ndalama ya feteleza. N'cifukwa cake lamulo la Zambia ndi louma pa mlanduwu. Wopezeka wolakwa koyamba salandira zaka zocepera 5, ndipo zikhoza kufika 15. Ambiri a ife timati n'zomuyenera. Koma zaka zimatha, munthuyo amabwerera kumudzi, ndipo Sondo lina timamuona ataima pakhomo la chalichi. Zimene tidzacita naye tsikulo zimacokera pa yankho limene tili nalo mumtima pa funso lakale: kodi munthu amaberanji?

Ophunzira za upandu akhala akukangana pa funsoli kwa zaka zoposa 200. Mu 1876 dokotala wa ku Italy, Cesare Lombroso, analemba kuti ena amabadwa ali apandu, ndipo ungawadziwe poyang'ana nsagwada ndi makutu awo. Anzake anataya maganizowa kalekale, koma m'midzi mwathu akali moyo. Timamva anthu akuti, "Banja lija kuba kuli m'magazi." Mkhristu ayenera kucenjera ndi mawu otere, pakuti Aroma 3 imaika ucimo pa ife tonse, osati pa mbumba imodzi.

Robert Merton wa ku America, mu 1938, anayang'ana kwina. Iye anati dziko limaonetsa aliyense zinthu zofanana zoti azilakalaka, koma njira zolungama zozipezera zimatsegukira ocepa. Mnyamata amene anatsiriza giredi 12, alibe nchito, alibe munda wake, koma tsiku lililonse amaona anzake pa foni ali ndi njinga zamoto, ali pa mayesero enieni. Komabe umphawi paokha sufotokoza zonse. Tili ndi amayi amasiye m'mipingo mwathu amene amagona ndi njala osakhudza ngakhale nkhuku ya mnansi. Apa Edwin Sutherland anathandiza: kuba kumaphunziridwa kwa anthu amene umakhala nawo, monga nchito ina iliyonse. Ng'ombe siibedwa ndi munthu mmodzi. Pamakhala wodziwa khola, woyendetsa usiku, ndi wogula amene safunsa cikalata ca avetenale. Kawirikawiri amene amagwidwa ndi wamng'ono pa onsewo.

Nanga cilango cimaletsa? Cesare Beccaria anayankha mu 1764 kuti munthu amaopa kwambiri kugwidwa kotsimikizika kuposa kukula kwa cilango, ndipo kafukufuku wa masiku ano amagwirizana naye. Wakuba akadziwa kuti mudzi uli kutali ndi polisi, kuti malire a Malawi ndi Mozambique ali pafupi, ndi kuti amene anamuona adzakhala cete cifukwa ndi mbale wawo, zaka 15 zolembedwa m'buku sizimuopsa. Cimene cimamuopsa ndi mudzi umene umalemba ng'ombe zake kwa anyakwawa, umene umakana nyama yochipa yosadziwika kocokera, ndi mboni zimene zimapitadi kukhoti. Kumenya kapena kuocha woganiziridwa sikuli m'gulu limeneli. Kumeneko ndi kupha, ndipo nthawi zina wophedwayo amakhala wosalakwa.

Dziko la America linayesa njira ya kutsekera anthu ambiri. Mu 1972 linali ndi akaidi pafupifupi 200,000 m'ndende zikuluzikulu. Pofika 2009 anapitirira 1.5 miliyoni. Bungwe la akatswiri la National Research Council litaunika zimenezi mu 2014, linapeza kuti kucepa kwa upandu kumene kunabwera cifukwa ca ndende sikuoneka kuti kunali kwakukulu, pamene mabanja a anthu osauka ndi akuda anaphwasuka kwambiri. Ifenso sitili kutali ndi vutoli. Lipoti la Human Rights Watch pamodzi ndi PRISCCA ndi ARASA la mu 2010 linapeza akaidi 15,300 m'ndende zomangidwira anthu 5,500, ndipo oposa mmodzi mwa atatu alionse anali pa rimandi, asanapezeke olakwa. Lero ciwerengero cinapitirira 20,000. Boma lasintha zina: mu 2016 Zambia Prisons Service inakhala Zambia Correctional Service, kutanthauza kuti colinga ndi kukonza munthu, ndipo mu December 2022 cilango ca imfa cinathetsedwa. Koma m'cipinda cothinana, mnyamata wakuba mbuzi amagona pafupi ndi katswiri wa umbanda. Sutherland akanati imeneyo ndi sukulu.

Ganizo limene likutikhudza kwambiri ife a mpingo ndi la Howard Becker, wa mu 1963. Iye anaonetsa kuti dzina limene anthu amapatsa wolakwa limatha kumumanga kuposa unyolo. Wotuluka kundende ya Katete kapena ku Namuseche ku Chipata amapeza kuti dzina lake tsopano ndi "mkaidi uja". Ganyu samupatsa. Nkhuku ikasowa, oyamba kufunsidwa ndi iye. Mkazi mwina anakwatiwa kwina, munda anagawana. Okhawo amene amamulandira ndi manja awiri ndi anzake akale aja.

John Braithwaite wa ku Australia, mu 1989, anasiyanitsa manyazi awiri. Pali manyazi otaya munthu, ndipo pali manyazi odzudzula cocitacitaco poyera, kenako n'kumubweza munthuyo pakati pa anthu. Anapeza kuti aciwiriwa ndiwo amacepetsa kubwereza mlandu. Kunena zoona, makolo athu Acewa sanafunikire buku kuti adziwe zimenezi. Mlandu unkakambidwa pabwalo, wolakwa ankalipa, amalume ake monga mwini mbumba ankasenza naye mtolowo, ndipo nkhani ikatha inkathadi. Eksodo 22 nayonso imalamula wakuba ng'ombe kubweza zisanu. Taonani amene akukumbukiridwa m'lamulo limeneli: mwini ng'ombe. M'njira yathu ya lero wakuba amapita kundende, koma wobedwayo kawirikawiri amatsala ndi khola lopanda kanthu, ndipo ife tikamalankhula za cikhululukiro timafulumira kumuiwala. Iye ali ndi cifukwa comveka cokwiyira.

Paulo pobweza Onesimo kwa Filemoni sanabise kuti pakhoza kukhala ngongole. Anapempha kuti alandiridwe monga mbale, ndipo analonjeza kulipira yekha cimene cinatayika. Mumpingo wa kumudzi zimenezi zikhoza kuoneka motere. Akulu a mpingo amayendera mkaidi akali m'kati, monga Ahebri 13 imatikumbutsa, ndi kuona ngati ana ake akupita kusukulu. Miyezi ingapo asanatuluke, abusa ndi anyakwawa amakhala pansi ndi banja lobedwa, ngati lavomera, kukamba zimene angabweze, kaya ndi matumba a cimanga kapena masiku olima. Ambiri amatuluka ataphunzira ukalipentala, kusoka kapena ulimi. Mabenchi a chalichi akathyoka, komiti ya zomanga ikhoza kuyamba yafunsa iye mtengo isanapite kwa kalipentala wa pa boma.