Mandala Afike Pafupi: Nkhani ya Maso ku Chazanga

Lero tili kumpoto kwa Lusaka, ku Chazanga, moyandikana ndi Kabanana ndi komboni ya Chipata, ndipo nkhani yathu ndi ya maso.

Mukudziwa mmene zimakhalira sitolo ikamatsegulidwa mu komboni. M'mamawa nyimbo zayamba kale, pakhomo apachika mabaluni, ana adzaza, amayi nthungululu, kenako wina wovala jekete adula riboni. Zimatero kaya ndi butchala, saluni kapena sitolo ya simenti. Koma ikakhala ya magalasi, yokhala ndi woyeza maso m'kati mwake, ine ndimati ng'oma ilire kuposa masiku onse.

Akuluakulu ambiri magalasi amawatcha mandala, ndipo dzinali lili ndi mbiri. M'chaka cha 1878 ku Glasgow kunakhazikitsidwa kampani yamalonda imene inadzadziwika kuti African Lakes, ndipo oiyendetsa kuno ku Africa anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi amene ankanyezimira padzuwa, anthu n'kumupatsa dzina loti Mandala. Dzinalo linakakamira: masitolo a kampaniyo anakhala a Mandala, ndipo nyumba ya Mandala yomangidwa mu 1882 ilipobe ku Blantyre. Taonani, magalasi anali chinthu chodabwitsa mpaka munthu kutchulidwa nacho dzina. Mwina n'chifukwa chake mpaka lero ena amawaona ngati a mabwana ndi ophunzira okha. Mtsikana akawavala mu komboni, anzake amati wayamba matama.

Tsopano tiyeni pamsika. Apo pali telala, bambo wa zaka zopitirira 45. Wanyowetsa ulusi ndi malovu, waupotokola, walozetsa pa singano: waphonya. Wayesanso, waphonya. Watambasula mkono, watsinzina diso limodzi, mapeto ake waitana mdzukulu kuti amulowetsere. Mayi wa pa kantemba naye akulephera kuwerenga uthenga wa ndalama pa foni, ndiye akupereka foniyo kwa mlendo. Mkulu wa mpingo wasiya kuwerenga Baibulo pamaso pa anthu, akuti zilembo za masiku ano n'zazing'ono. Anthuwa sanalodzedwe. Munthu akadutsa zaka 40, kagalasi kachilengedwe ka m'kati mwa diso kamayamba kuuma, ndipo zapafupi zimaoneka mbuu. Mankhwala ake ndi magalasi owerengera basi. Ku Assam, m'dziko la India, kafukufuku wofalitsidwa mu 2018 anapeza kuti othyola tiyi amene anapatsidwa magalasi otere ankathyola wochuluka ndi pafupifupi 22 peresenti kuposa anzawo. Imeneyo ndi ndalama ya ufa ndi ndiwo.

Madokotala a maso mu Lusaka alipo. Ku UTH kuli chipatala cha maso, ku Makeni kuli Lusaka Eye Hospital ya mpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo oyeza maso amaphunzitsidwa ku Chainama, komwe tsopano kuli pansi pa Levy Mwanawasa Medical University. Vuto ndi mtunda. Kuchoka ku Chazanga ndi basi mpaka m'tauni, ina yopitirira, mzere wautali, tsiku latha. Wogulitsa tomato akatseka tebulo lake tsiku lathunthu, ana agona ndi njala. Ndiye amangoti, ndidzapita mwezi wa mawa. Zaka n'kumapita.

Woyeza akakhala pafupi, zonsezi zimachepa. Mumakhala pampando, iye n'kuloza tchati pakhoma. Ngati simudziwa kuwerenga musachite manyazi, pali tchati cha chilembo E chokha, chotembenuzidwa uku ndi uku, inu n'kumangoloza ndi zala kumene miyendo yake yayang'ana. Amakuvekani chimango cholemera, n'kumasinthasintha timagalasi: apa bwanji, nanga apa? Mwadzidzidzi zilembo zija zangoti ngwee. Amene zinawachitikirapo akudziwa kuti pamenepo munthu umamwetulira wekha.

Koma ndikuchenjezeni, abale anga. Si vuto lililonse la maso limene limatha ndi magalasi. Ng'ala imafuna opaleshoni. Glaucoma imadya diso mwakachetechete, popanda kupweteka, ndipo chimene yawononga sichibwerera. Shuga nayenso amawononga mitsempha ya kumbuyo kwa diso. Magalasi a pamsewu, aja oyalidwa pa katoni m'tauni, angakuthandizeni kulowetsa ulusi, koma wogulitsayo sangaone zimenezi. Woyeza wophunzira amaziona, n'kukulemberani kalata yopita nayo kuchipatala. Choncho mukalowa m'sitolo yatsopano, nyimbo zisakukomereni mpaka kuiwala kufunsa chiphaso cha Health Professions Council of Zambia. Ndi ufulu wanu. Ndipo chonde, zothira mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena masamba osinja m'diso la mwana tizisiye, maso ambiri atha nazo.

Lachinayi lachiwiri la Okutobala chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira maso padziko lonse, koma inu musadikire Okutobala. Bambo telala, mayi wa pa kantemba, pitani mukayezetse. Mutengenso mwana uja amene aphunzitsi akuti amakopera zolakwika pa bolodi, akamuone maso musanamukalipire.