Ntchito ya Oseketsa pa Wailesi ya Kanema ku America m'Zaka za m'ma 1950

Wailesi ya kanema itayamba kufalikira m'makomo a ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ambiri mwa oseketsa ake anachokera ku vaudeville, zisudzo za m'maholo zimene zinkasakaniza nyimbo, magule ndi nthabwala usiku umodzi. Woseketsa wa vaudeville ankatha kuyenda mzinda ndi mzinda kwa zaka zambiri ndi sewero limodzi lomwelo, popeza oonera ankasintha paliponse pamene wafika, koma pa kanema anthu miyandamiyanda ankaonera nthawi imodzi, moti nthabwala imene Milton Berle wanena Lachiwiri pa Texaco Star Theater, pulogalamu imene anayamba kuitsogolera mu 1948, inali itasukuluka kale pofika sabata yotsatira.

Pofuna kuthana ndi vutoli, oseketsa anapeka anthu ongoyerekeza amene ankabwera mobwerezabwereza mpaka oonera kuwazolowera ngati anansi awo. Red Skelton ankasanduka Clem Kadiddlehopper, munthu wakumudzi wochedwa kumvetsa zinthu, komanso Freddie the Freeloader, mphawi wosowa pogona. Jackie Gleason anayambitsa Ralph Kramden mu 1951 pa pulogalamu ya Cavalcade of Stars ya kampani ya DuMont, ndipo dalaivala wa basi wa ku Brooklyn ameneyu, wolongolola komanso wolota chuma uku akukangana ndi mkazi wake Alice m'khitchini yopanda katundu, anakondedwa kwambiri mwakuti mu 1955 sewerolo linaima palokha ndi dzina loti The Honeymooners.

Komabe thukuta lenileni linkakhetsedwa m'chipinda cha alembi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti anthu amenewa sankadziwika kwenikweni kwa oonera. Pulogalamu ya Your Show of Shows, imene inkaulutsidwa pa NBC Loweruka usiku kuyambira 1950 mpaka 1954 motsogozedwa ndi Max Liebman, inkatenga mphindi 90 ndipo inkafika kwa oonera pa nthawi yomweyo imene ikuchitika, kutanthauza kuti wosewera akaphonya mawu panalibe mpata wobwereza. Mel Tolkin, Lucille Kallen, Mel Brooks, ndipo pambuyo pake Neil Simon, ankayenera kupeka, kukangana, kufufuta ndi kulembanso masewero atsopano m'masiku ochepa chabe, kuti Sid Caesar ndi Imogene Coca apeze nthawi yoloweza mawu a banja lokonda mikangano la Hickenlooper, osoka zovala ndi okonza bwalo nawonso akudikira kuti ayambe gawo lawo. Caesar anali ndi luso lolankhula mawu opanda tanthauzo amene ankamveka ngati Chijeremani kapena Chifalansa, koma ngakhale luso limenelo linkafuna nkhani yolembedwa bwino yoti liyendemo.

Mapulogalamu ngati amenewa, ofika kwa oonera pa nthawi yomweyo imene akuchitika, ankasungidwa mwa njira yotchedwa kinescope, yomwe inali kujambula galasi la kanema ndi kamera ya filimu, ndipo zithunzi zake sizinkaoneka bwino. Kampani ya DuMont inaleka kuulutsa mu 1956, ndipo mafilimu ake ambiri anatayidwa.