Laputopu Yochedwa Kudzuka: Mlandu wa Batire, Diski ndi Fumbi la Fodya

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, kawirikawiri mu Epulo, ntchito ya cholembera imachuluka ku Kasungu kuposa ya khasu. Alembi a makilabu a alimi ndi makalaliki a m'maesiteti amasunga mndandanda wa mabelo, makilogalamu a belo lililonse, ngongole za feteleza ndi mayina a matenanti oyembekezera malipiro. Masiku ano zambiri mwa izi zili mu laputopu, ndipo laputopuyo nthawi zambiri imakhala ya kaunjika, yomwe inakhetsa kale thukuta zaka zingapo mu ofesi ina ku Ulaya, ku Dubai kapena ku Joni. Mwini wake akaitseka pakati pa ntchito n'kudzaitsegula lole itafika kudzanyamula mabelo, sikirini imangoti bii. Kagetsi kakuyaka, fani ikulira, koma chooneka palibe. Pamatha mphindi imodzi, mwina ziwiri, dalaivala akuliza hutala panja.

Yankho lomwe ambiri amalandira akadandaula ndi lakuti makinawo ali ndi vairasi, afomatidwe basi. Munthu amalipira, mafayilo ena amasowera pomwepo, ndipo pakatha sabata vuto lija labwerera. Limabwerera chifukwa kawirikawiri silikhala mu Windows. Limakhala mu batire lotopa ndi diski yokalamba, ndipo zonsezi munthu angathe kuzifufuza yekha asanatulutse kwacha ndi imodzi yomwe.

Tulo ta kompyuta tilipo tamitundu ingapo. Mu 1996 makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba anagwirizana malamulo otchedwa ACPI, oyendetsera momwe kompyuta imagwiritsira ntchito magetsi. Malamulowa anapatsa manambala mikhalidwe ya makina: S0 ndi pamene ali maso, S5 ndi pamene azimitsidwiratu. Pakati pake pali S3 ndi S4, ndipo nkhani yonse yagona pa ziwirizi. Mu S3, yomwe Windows amaitcha Sleep, purosesa, diski ndi sikirini zimazima, koma batire limapitiriza kudontheza kamoto pang'ono ku RAM, malo osunga zonse zomwe munthu watsegula pa nthawiyo. RAM ikasowa magetsi imaiwala zonse nthawi yomweyo, n'chifukwa chake imasiyidwa ili tcheru. Kudzuka ku tulo totere kumatenga masekondi awiri kapena atatu. Mu S4, yotchedwa Hibernate, Windows amakopera za mu RAM kupita mu fayilo yotchedwa hiberfil.sys pa diski, kenako n'kuzimitsa chilichonse. Batire silidyedwanso, koma podzuka fayilo ija iyenera kuwerengedwa ndi kubwezeredwa m'malo mwake.

Kusiyana kwa tulo tiwiriti kuli ngati kwa osankha fodya awiri. Wosankha fodya amene wangotsamira pa benchi masamba ali poyala amayambiranso ntchito akangodzutsidwa. Mnzake amene analongedza zonse, kudinda belo n'kukalitsekera mosungira katundu, ayenera kuyamba wafuna kiyi, kumasula chiguduli ndi kuyalanso tsamba lililonse.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti laputopu imachoka yokha mu tulo toyamba kulowa mu tachiwiri, mwini wake osauzidwa. Imatero pa zifukwa ziwiri. Choyamba ndi nthawi: pa makina ambiri a Windows 10, ikagona maminiti 180 ili pa batire imalowa mu Hibernate. Chachiwiri ndi batire lenilenilo: likatsika kufika pamlingo woopsa, womwe kawirikawiri umakhala 5 peresenti, Windows amathamangira kupulumutsa ntchito ya munthu pa diski moto usanathe. Batire likakhala latsopano izi zimachitika patapita nthawi yaitali. Likakhala lotha, laputopu yomwe yatsekedwa nthawi ya nsima ya masana imakhala itafika kale pamenepo munthu asanasambe m'manja.

Ndipo mabatire kuno sakhalitsa. Batire la lithiamu limadana ndi kutentha komanso kutheratu kawirikawiri, ndipo Kasungu amapereka zonse ziwiri mowolowa manja. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene alimi ali kalikiliki kuthirira nazale, ofesi yofolera malata imatentha moti ngakhale munthu sakhalamo masana. Kuthimathima kwa magetsi nakonso kumachititsa kuti batire lizikamidwa mpaka kuuma tsiku ndi tsiku. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 mpaka mu 2023, ndipo m'miyezi imeneyo mabatire ambiri anagwira ntchito ya zaka zingapo. Kumidzi yakutali ndi mawaya a Escom, komwe kutchaja kumadalira sola ndi invetala kapena jenereta ya pa sitolo, batire limatchajidwa mwa apo ndi apo, nthawi zina ndi tchaja yosakhala yake.

Thanzi la batire silofunika kulosera. Munthu atsegule Command Prompt, alembe powercfg /batteryreport, ndipo Windows amutulutsira lipoti. M'menemo muli manambala awiri ofunika: Design Capacity, mphamvu yomwe batire linabadwa nayo, ndi Full Charge Capacity, mphamvu yomwe likutha kusunga lero. Yachiwiri ikakhala yosafika theka la yoyamba, batirelo lapita. Ngati thupi la laputopu latukumuka, kapena malo oyendetsera kamuvi ndi chala akwera m'mwamba, ndiye kuti batire latupa. Limeneli lichotsedwe msanga, lisaboledwe, lisaponyedwe pamoto, ndipo lisayandikire chigafa chodzaza fodya wouma.

Batire limangofotokoza chifukwa chomwe laputopu yalowera tulo tofa nato. Kutalika kwa nthawi yodzukira kumachokera ku diski. Malaputopu ambiri a kaunjika akadali ndi hadi diski ya mbale zozungulira, zomwe zimazungulira ka 5,400 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga komwe kamayandama pamwamba pa mbaleyo pa mpata wochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi. Diski yotere ikakhala bwino imawerenga pafupifupi mamegabaiti 100 pa sekondi. Kubweza magigabaiti awiri kumafuna masekondi 20, ndipo apo n'kuti zonse zili bwinobwino. Windows akangoonekera, mapulogalamu onse amadzuka nthawi imodzi n'kuyamba kulimbirana kamkono kamodzi komweko: woteteza ku mavairasi akufuna kufufuza, Chrome akufuna masamba ake, Excel akufuna fayilo ya mabelo. Makina a RAM ya magigabaiti anayi okha amavutika koposa, popeza zomwe zalephera kukwana mu RAM zimatayidwiranso pa diski yomweyo. Munthu amaona sikirini yayaka koma kamuvi sikakusuntha.

Misewu nayo ili ndi mbali yake. Laputopu yomwe imakwera njinga yamoto ya kabaza kuchokera ku midzi ya kwa Santhe, Chamama kapena Chulu, m'misewu yafumbi ya mabampu, imagwedezeka ulendo wonse. Diski ikamazungulira pa nthawi ya kugwedezekako, kamkono kaja kangathe kukanda mbale. Malo okandikawo diski imawawerenga mobwerezabwereza isanagonje, ndipo kubwereza kulikonse ndi masekondi otayika. Kaphokoso ka "tiki, tiki" kochokera pansi pa kiyibodi ndi chenjezo lakuti mafayilo akopedwe pa flashi lero lomwe. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo imawerenga zomwe diski imalemba yokha za thanzi lake, ndipo ikaonetsa Caution, nthawi yatha.

Kuti munthu adziwe mtundu wa diski yake, adine Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, apite pa Performance. Pa Windows 10 watsopanoko ndi Windows 11 pamalembedwa poyera kuti HDD kapena SSD. Ngati ndi HDD ndipo ikumakhala pa 100 peresenti kwa mphindi zingapo makina akangodzuka, wolakwa wapezeka.

Mankhwala ake ndi SSD, diski yopanda chozungulira chilichonse. Ya mtundu wa SATA, yomwe imalowa ndendende pamalo pa diski yakale, imawerenga pafupifupi mamegabaiti 500 pa sekondi, kotero magigabaiti awiri aja amabwerera m'masekondi anayi. Pofufuza timafayilo tating'onoting'ono kusiyana kwake n'kokulirapo, chifukwa palibe kamkono koti kayende. Mabampu nawonso sayiopsa. Pa zonse zomwe mwini laputopu yakale angagule ndi ndalama za fodya, palibe chomwe chimabweza mphamvu ngati ichi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri amalipira kufomata katatu osauzidwa za SSD.

Malaputopu atsopano ali ndi vuto la mtundu wina. Ambiri anasiya S3 n'kutenga njira yotchedwa Modern Standby, yomwe inayamba pa Windows 8 ndi dzina la Connected Standby. Makina otere sagoneratu. Amatsinzina ngati foni, n'kumadzidzimuka mwakachetechete kuti alandire makalata kapena kukoka zatsopano za Windows. Pulogalamu imodzi kapena chipangizo chimodzi chikakana kugona, laputopu imagwira ntchito ili m'chikwama chotseka, mopanda mpweya. Mwini wake akafika pa Kasungu boma amaipeza ikutentha, batire litatsika, ndipo italowa kale mu Hibernate. Lamulo la powercfg /a limaonetsa mitundu ya tulo yomwe makina ali nayo. S0 Low Power Idle ikaoneka pa mitundu yomwe ilipo, ndiye Modern Standby imeneyo, ndipo powercfg /sleepstudy, yotsegulidwa ndi mphamvu za Administrator, imatchula chomwe chinadya batire usiku. Pa ulendo wautali ndi bwino kusankha dala Hibernate kapena kuzimitsiratu, kusiyana ndi kungotseka chivindikiro.

Fumbi ndi mdani amene anthu a ku Kasungu amamudziwa bwino. Kuyambira Ogasiti mphepo imanyamula dothi la m'minda yosadzala, ndipo m'nyengo yosankha ndi kudinda fodya mpweya wa m'shedi umadzaza tizidutswa ta masamba toyetsemulitsa. Fani ya laputopu imakoka zonsezi. Okonza makina akatsegula chivindikiro cha pansi amapeza kachinthu kofiirira, kofewa, katamatirira kuseri kwa timipata totulutsira mpweya, kununkha fodya. Mpweya ukatsekeka, purosesa imatentha, ndipo ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Nthawi yodzuka ndi yomwe ntchito imachuluka mwadzidzidzi, choncho kuchedwako kumaonekera pomwepo. Kutsuka kumafunika makina atazimitsidwa ndi kuchotsedwa ku magetsi, fani itagwiridwa ndi chala kuti isazungulire mopyola muyeso pouzira mpweya, ndipo pa makina a zaka zambiri phala lopakidwa pa purosesa lisinthidwe. Kuika laputopu pa belo, pa thumba kapena pa bulangete kumatseka mabowo a pansi. Thabwa losalala ndi lokwanira.

Tchaja yogula pamsika ingathenso kulemetsa makina. Malaputopu ena akazindikira kuti tchaja si yake, kapena mphamvu yake ndi yochepa, amachepetsa dala liwiro la purosesa, ena amakananso kutchaja batire.

Pali nthawi zina pamene batire ndi diski zili bwino koma sikirini ikukhalabe yakuda. Apa wokayikitsa ndi pulogalamu yoyendetsa zithunzi, yomwe Windows amaitcha display driver. Kudina kiyi ya Windows, Ctrl, Shift ndi B nthawi imodzi kumaidzutsa. Makina amalira kamodzi, sikirini imaphethira, ndipo ikayaka ndiye kuti pulogalamuyo ndi yofunika kuisintha ndi yatsopano yochokera kwa opanga laputopuyo. Zolumikiza monga flashi, purintala ndi modemu ya intaneti nazo zichotsedwe chimodzichimodzi, chifukwa Windows amadikira chilichonse kuti chiyankhe. Palinso msampha wa Fast Startup, womwe unabwera ndi Windows 8 mu 2012: kusankha Shut down sikuzimitsa zonse, kumasunga mtima wa Windows pa diski pamodzi ndi zolakwika zake. Restart ndiyo imayambitsa zonse mwatsopano, ndipo laputopu yomwe yatha milungu ikungotsekedwa ndi kutsegulidwa imapepuka ikapatsidwa mwayi umenewu.

Malangizo a pa intaneti amakonda kunena kuti BIOS, pulogalamu yomwe imayatsa makina Windows asanayambe, isinthidwe ndi yatsopano. Nthawi zina zimathandizadi pa vuto la tulo, koma olemba malangizowo sakhala m'dera lomwe magetsi amachoka osatsanzika. Moto ukaduka pakati pa ntchitoyo, laputopu ingathe kukana kuyakanso. Aliyense wofuna kuyesa ayambe waona kuti batire ndi lamoyo ndiponso ladzaza. Amene amalumikiza laputopu ku foni ya Airtel kapena TNM atsegule Metered connection pa netiweki imeneyo, kuti Windows asayambe kukoka mafayilo akuluakulu akangodzuka, zomwe zimadya bandulo ndi kutanganitsa diski nthawi imodzi.

Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 salandira mwalamulo mapurosesa ambiri a Intel a m'badwo wosafika wachisanu ndi chitatu. Makina ochuluka omwe maofesi akunja akuwataya pa chifukwa chimenechi ndi omwe angathe kudzapezeka m'mashelefu a ku Lilongwe ndi pa Kasungu boma ndalama za fodya zikayamba kulowa. Wogula apemphe mphindi zisanu asanalipire: aone lipoti la batire, aone ngati diski ndi SSD, aone m'badwo wa purosesa, kenako atseke chivindikiro tchaja itazulidwa, adikire pang'ono n'kutsegulanso, wogulitsa ali pomwepo.